Anyani Sasekana Zikundu: Mbiri ya Kachigwa ka M'mbali mwa Chiuno

Telala aliyense amene adakhalitsa pakhonde la sitolo ku Ndirande kapena ku Bangwe amadziwa chinthu chimene atsikana ambiri amakono akuchiphunzira mochedwa ndiponso movutikira. Akamayeza mayi kuti amusokere siketi, amaona kuti m'mbali mwa thupi simutsika mowongoka ngati mpanda wa nsungwi. Mwa amayi ambiri, thupi limatumphuka pa fupa la chiuno, kenaka nkulowa pang'ono m'kati, lisanatumphukenso pamene ntchafu yayambira. Telala wanzeru amangosiya nsalu yokwanira pamenepo ndipo sanenapo kanthu, poti wakaona kachigwa kameneka pa anthu mazanamazana. Azungu adakapatsa dzina lakuti hip dips, ndipo kuyambira cha m'ma 2017 dzinali lidafala kwambiri pa Instagram, mpaka kufika m'mafoni a ana a ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa. Ena mwa anawa adayamba kukhulupirira kuti adabadwa ndi chilema.

Nkoyenera kuyamba ndi mafupa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Munthu akagwira m'chiuno ndi manja awiri, monga achitira mayi wokwiya pa mjigo, zala zake zimatsamira pa mlomo wa fupa lalikulu lotambalala ngati lichero. Akatsitsa dzanja pang'ono amakumana ndi fupa lina lotundumuka, limene ndi phewa la fupa la ntchafu, pafupi ndi nyung'unyu. Pakati pa mafupa awiriwa pali mpata umene wadzazidwa ndi minofu ndi mafuta okha. Ngati fupa la pamwamba ndi lalitali kapena lotambalala, mpatawo umakula ndipo kachigwa kamaonekera bwino. Ngati mafupawo ayandikana, kapena ngati mafuta a thupi adasankha kukhala pomwepo, kachigwa kamabisika. Kutalika ndi kutambalala kwa mafupa nkwa kumtundu, ngati mpata wa m'mano kapena kutalika kwa zala. Amuna nawonso ali nako, kungoti palibe amene amawafunsa.

Kachigwaka kamayamba kuoneka bwino mtsikana akamatha msinkhu, pamene chiuno chikutambasuka ndipo mafuta akuyamba kusonkhana pa ntchafu. Sikakusonyeza matenda, njala, kapena kusabereka. Kubereka bwino kumadalira mpata wa m'kati mwa mafupa a chiuno, umene diso la munthu woima pamsewu silingauone. Anamwino ena amaphunzitsidwa kufufuza mafupa awiri omwewa ndi chikhatho akamafuna malo abwino obayapo jakisoni, poti pamenepo pali mnofu wokwanira ndipo mitsempha ikuluikulu ili patali. Kupweteka kwa nyung'unyu, kutsimphina, kapena mwendo wina kufupikirapo, zimenezo nza kuchipatala, ndipo nzosiyana kotheratu ndi kachigwa kosapweteka.

Tsono ngati kachigwaka kadalipo kuyambira makedzana, bwanji agogo a ku Ndirande sadagonepo tulo tosowa mtendere chifukwa cha iko? Sikuti makolo sadali kusamala za kukongola. David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire ndi kumapiri a kuno m'chaka cha 1859, adapeza amayi Achimang'anja ataboola mlomo wam'mwamba ndi kuikamo pelele, ndipo mayi wopanda pelele ndiye adali wosatsogola. Kudali mphini za pankhope, pamimba ndi pantchafu. Kudali mikanda ya m'chiuno, imene anamkungwi ankaphunzitsa tanthauzo lake ku chinamwali. Makolo ankakongoletsa khungu, mlomo ndi khosi, ndipo zina mwa zokongoletsazo zidali zowawa zedi. Koma chiuno cha mkazi chidali chinsinsi cha m'nyumba. Mikanda inkakhala kunsi kwa chovala, yotsamira pa fupa lomwe lija la pamwamba pa kachigwa, ndipo woiona adali mwamuna wake yekha ndi amayi anzake kudambo. Nyanda, nsalu ya thonje yowomba pamanja, ndiponso pambuyo pake chilundu, zonsezi zinkakulungidwa mozungulira thupi nkugwa molunjika pansi. Chovala chokulunga sichitsata mzere wa fupa.

Amishoni a ku Scotland atakhazikitsa mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876, adabweretsa singano, ulusi ndi maphunziro a kusoka, ndipo pelele adazimirira m'mibadwo yowerengeka. Madiresi a kumishoni adali aatali ndi otaya, moti chiuno chidabisika koposa kale. Tauni itakula, anthu ochokera ku Mulanje, ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Ntcheu adadzaza Ndirande pofuna ntchito m'makampani a ku Makata. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 fakitale ya nsalu ya David Whitehead idayamba kutulutsa zitenje mu Blantyre momwemo, ndipo chitenje chidasanduka chovala cha mayi aliyense: cha kumaliro, cha kuchigayo, cha kumsika, choberekera mwana. Mbumba za Kamuzu zinkavina zitavala nsalu ya chipani kuyambira pachifuwa mpaka kumapazi. Mayi womanga chitenje pamwamba pa diresi ali ndi nsalu ziwiri kapena zitatu pachiuno, ndipo ngakhale mnzake wapamtima sangadziwe mmene mafupa ake adakhalira.

Boma nalo lidalowererapo. M'chaka cha 1973 padakhazikitsidwa lamulo la kavalidwe koyenera, limene lidaletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi osaphimba mawondo pagulu. Lamuloli lidali lopondereza, ndipo amayi ambiri adachititsidwa manyazi nalo. Palibe chifukwa cholilakalaka. Komabe nzoona kuti kwa zaka 20 mbadwo wonse wa atsikana a mu Blantyre udakula osaona m'misewu chovala chogwira thupi. Lamuloli lidafafanizidwa pa nthawi ya kusintha kwa ndale, Amalawi atavotera zipani zambiri pa 14 Juni 1993. Posakhalitsa kaunjika adasefukira m'misika ya Ndirande ndi Limbe, ndipo m'mabelo mudatuluka majinzi, masiketi othina, kenaka timabuluku totanuka togwira thupi ngati khungu lachiwiri. Kachigwa kamene kadabisala kunsi kwa nyanda, chilundu ndi chitenje kadaonekera poyera kwa nthawi yoyamba.

Zaka zomwezo zidali za maliro. Edzi idadziwika m'Malawi muno m'chaka cha 1985, ndipo mankhwala otalikitsa moyo adayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma m'chaka cha 2004. Pakati pa zaka zimenezo, kuwonda kudasanduka mlandu. Munthu akangotsika thupi, anthu ankanong'onezana kuseri za kaliwondewonde. Kunenepa, kumene kale kudali chizindikiro chakuti mayi akusungidwa bwino pabanja, kudakhalanso umboni wakuti munthu ali bwino m'magazi. Mantha amenewo sadathe onse pamene mankhwala adafika. Adatsalira m'maso mwa anthu, kotero kuti malo alionse olowa m'kati pathupi la mtsikana amatha kuoneka ngati kuperewera. Mtsikana wa ku Machinjiri amene amadziyang'ana pagalasi lero mwina sadziwa kuti mbali ina ya nkhawa yake adailandira kwa anthu amene adaika abale awo m'manda iye asanabadwe.

Ufulu wa kavalidwe nawo sudabwere mwamtendere. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi ku Blantyre adavula amayi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi pamaso pa anthu. Pa 20 Januwale amayi ambiri adasonkhana mu Blantyre kudzudzula nkhanzazo, ambiri atavala mabuluku dala, ndipo Mayi Joyce Banda, amene pa nthawiyo adali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, adali nawo. Amayiwo adateteza ufulu wovala chimene afuna. Chodabwitsa nchakuti patangopita zaka zochepa, chiuno chomwecho chidagwa m'manja mwa oweruza ena osaoneka, a m'foni, amene savula munthu pamsewu koma amamuuza tsiku ndi tsiku kuti thupi lake nlosakwanira. Zithunzi zambiri zimene atsikana amadziyerekeza nazo nzokonzedwa ndi kompyuta, kapena mwinizo adaima mopotoza mwendo kuti kachigwa kabisike.

Pamene pali nkhawa, amalonda sachedwa. Pali makabudula a m'kati okhala ndi siponji m'mbali, ndipo amenewo sapha munthu, amangotentha m'mwezi wa Okutobala. Zoopsa ndi mafuta opaka, mapiritsi ndi mankhwala akumwa amene amatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp kuti amakulitsa mahipi ndi mbina. Mafuta opaka sangasunthe fupa. Mankhwala ena akumwa, monga Apetamin, ali ndi cyproheptadine, amene ntchito yake yeniyeni ndi yoletsa ziwengo. Amapatsa njala ndi tulo, ndipo amatha kuwononga chiwindi, moti m'chaka cha 2023 boma la America lidachenjeza anthu za iwo. Ena amamwa dexamethasone popanda dokotala. Mankhwalawa amanenepetsa nkhope ndi mimba, miyendo nkumaonda, amayambitsa shuga, ndipo akamwedwa nthawi yaitali amatha kupha mutu wa fupa la ntchafu, pa nyung'unyu pomwepo. Munthu amene ankafuna kudzaza kachigwa amatsala wotsimphina. Nawo opaleshoni yopopera mafuta m'matako, imene olemera amakachitira kunja, ili m'gulu la maopaleshoni okongoletsa thupi amene apha anthu ambiri, chifukwa mafutawo akalowa mumtsempha amakatseka m'mapapo. Apa ndiye pamene akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Masewera olimbitsa thupi ndi abwino, amalimbitsa minofu ya m'chiuno ndi kuthandiza msana, koma amene amalonjeza kuti afafaniza kachigwa m'masabata anayi akunama.

Wina angakumbukire Sarah Baartman, mayi wa mtundu wa Khoikhoi wa ku South Africa, amene adatengedwa kupita ku London m'chaka cha 1810 kuti azungu azilipira ndalama poonera mbina yake. Adamwalira ku Paris m'chaka cha 1815, ndipo mafupa ake adabwezedwa kwawo m'chaka cha 2002. Thupi limene azungu a nthawi imeneyo ankaliseka ndilo limene zidzukulu zawo zikuligula kwa madokotala. Pelele naye adali ulemerero m'chaka cha 1859, ndipo lero palibe mtsikana wa ku Bangwe amene angamuvale.

Miyambi ya makolo yokhudza maonekedwe ndi yambiri, ndipo siinyengerera. Imavomereza kuti alipo oipa nkhope, nchifukwa chake idati ukaipa dziwa nyimbo. Imavomereza kuti miyendo imasiyana, nkunena kuti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Koma pa chinthu chimene mtundu wonse uli nacho, idagamula mwachidule kuti anyani sasekana zikundu. Mwambi umenewu umanenedwa kawirikawiri kwa munthu wodzudzula mnzake pa cholakwa chimene iyenso ali nacho, komabe tanthauzo lake loyamba ndi la thupi lenileni, ndipo likukwanira bwino pano, poti mpata wa pakati pa mafupa awiri aja uli mwa munthu aliyense, kungosiyana kuya kwake.

M'nyumba zambiri za ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa, mtsikana wodandaula ndi kachigwa kake amagona chipinda chimodzi ndi agogo ake aakazi. Akadawafunsa mwaulemu pa nthawi yosamba kapena yosintha chitenje, mwina akadapeza kuti agogowo ali nako kofanana ndendende, mbali zonse ziwiri, ndipo kuti pa fupa la pamwamba pake ndi pamene ankakhazika amayi ake a mtsikanayo ali khanda, dzanja lina likuvundula nsima.