Mudala wa pa Mpanshya ndi Zamrock: dziwani musanatsutsane naye

Ngati mumayenda pa Great East Road, mumamudziwa. Amakwera pa Mpanshya, kachikwama m'manja, akuti akuchokera kukaona wodwala ku St Luke's. Basi isanafike pa Chongwe, wayamba kale kudandaula nyimbo za adalaivala: "Ana a manje simudziwa gitala." Musaseke. Nazi zomwe muyenera kudziwa kuti mumuyankhe bwino.

Zamrock ndi chiyani? Ndi rock ya kuno kwathu ya m'zaka za m'ma 1970. Anyamata a ku Copperbelt ndi Lusaka ankamvera Jimi Hendrix, Deep Purple ndi James Brown, n'kusakaniza gitala yolira mokalipa ndi ng'oma zathu. Boma la a Kaunda litalamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo za m'dziko muno, mabandi anachuluka. Mbale zambiri zinkadindidwa ku Ndola, kwa Teal Records.

WITCH. Mudala akayamba, amayambira pano. Woimba wawo ndi Emmanuel Chanda, yemwe dzina loti Jagari analitengera kwa Mick Jagger chifukwa cha kavinidwe. Yambani ndi *Lazy Bones!!* ya 1975.

Amanaz. A ku Kitwe. Anatulutsa chimbale chimodzi chabe, *Africa*, mu 1975. Nyimbo ya "Khala My Friend" ndi yofatsa, yoyenera ulendo wa usiku.

Ngozi Family. Paul Ngozi ankaliza gitala mpaka ndi mano. Funani *Day of Judgement* ya 1976. Anamwalira mu 1989, koma mu 2024 Tyler, the Creator wa ku America anatenga kachigawo ka "Nizakupanga Ngozi" n'kuika mu nyimbo yake ya "Noid". Ngati munaivina, munavina za mudala.

Musi-O-Tunya. Gulu la Rikki Ililonga. Ngati mumakonda nyimbo zazitali zosinthasintha, zomwe azungu amati progressive rock, monga za Pink Floyd, yesani *Wings of Africa*.

Nanga zinatha bwanji? Mtengo wa kopa unagwa, ndalama zogulira mbale zinasowa, malamulo oletsa kuyenda usiku anapha madansi, disiko inalowa, kenaka Edzi inatenga oimba ambiri. Jagari anakathera ku migodi, kukumba miyala yamtengo. Patapita zaka, kampani ya Now-Again Records ya ku America inadindanso mbalezi, ndipo mu 2023 WITCH inabwerera ndi chimbale chatsopano, *Zango*.

Apa ndiye pali nkhani. A Deep Purple ali ndi *Made in Japan* ya 1972, a The Who ali ndi *Live at Leeds* ya 1970: mukatchera khutu mumamva anthu akukuwa usiku womwewo. Mbale zathu tatchulazi ndi za mu situdiyo. Thukuta la m'holo, fumbi la ku Showgrounds, momwe anthu ankakankhirana pakhomo, zonsezo zili m'mutu mwa anthu ngati mudala uja. Akapita, zapita.

Ndiye ulendo wina akakhala pafupi nanu, chotsani ma earphone. Mufunseni kuti, "Adala, Paul Ngozi munamuona ndi maso?" Mukamafika pa Intercity mudzakhala mutamva konsati yonse, osalipira ngakhale ngwee.