Za Otola Bwemba a ku Bastar ndi Malonda Ao

Pakati pa dziko la India pali dera la nkhalango dzina lace Bastar, kumene kukhala mtundu wa Agondi ndi anansi ao. Kuyambira kale anthu amenewa apeza zosowa zao pakutola za m'thengo: bwemba, uci, maluwa a mahua, masamba a tendu okulungira fodya, ndi njere za chironji zimene anthu a m'mizinda azikonda m'zakudya zao.

Koma wotola sanadziwa mtengo wa katundu wace. Msika unali wa tsiku limodzi pa sabata, ndipo wamalonda anali kucingamira anthu panjira asanafike pamsikapo, nayesa katundu ndi muyeso wa iye mwini. Iye yekha anadziwa mtengo wa ku Jagdalpur, mzinda waukulu wa deralo. Cotero panali nthawi imene chironji anasinthana ndi mcere, muyeso kwa muyeso, cinkana njerezo nza mtengo wapatali. Ambiri analinso ndi ngongole kwa wamalonda yemweyo, ndipo wangongole alibe mau pamalonda.

M'caka ca 1987 boma la India linakhazika bungwe la TRIFED, lakuthandiza mitundu ya m'nkhalango kugulitsa zinthu zao. M'caka ca 1999 mkulu wa boma ku Bastar, Pravir Krishna, anautsa timabungwe ta m'midzi takugula bwemba pa mtengo wolalikidwa poyera. Pamenepo otola analandira ndalama zoposa kale, pakuti aliyense anadziwa mtengo, ndipo anali naye wogula wina. Koma zitapita zaka zowerengeka nchitoyo inafooka, amalonda nabwerera m'malo mwao.

Mau ena acokera ku Mendha Lekha, mudzi wa Agondi m'boma la Gadchiroli, kumadzulo kwa Bastar. Lamulo la m'caka ca 2006 linabvomereza kuti zotola za m'nkhalango nza eni midzi, ndipo mu 2011 mudziwo unalandira cilolezo cakugulitsa wokha nsungwi zace. Anthu anaitana ogula kuti apikisane, mtengo numveka pamaso pa onse, ndipo ndalama zinalowa m'thumba la mudzi. Mu 2013 boma linayambanso kulalika mtengo wocepetsetsa wa zotola zina za m'thengo.

Taonani tsono, owerenga, cimene mbiri iyi itiphunzitsa. Kudziwa mtengo ndiko ciyambi, pakuti wosadziwa anyengedwa osazindikira. Koma mai amene adziwa mtengo wa mumzinda, ali ndi ngongole, ndi ana anjala kunyumba, ndi wogula mmodzi yekha pamsika, adzagulitsabe bwemba wace motaya. Cidziwitso cipindula pamene anthu ali ndi ufulu pa katundu wao, nagwirizana kudikira wogula wabwino. Akulu ananena zoona, kuti mutu umodzi susenza denga.