Mario Wachiwiri: Mbiri ya Gemu Imene Idakhumudwitsa Ana a ku Ndirande

Mpaka mwezi wa April m'chaka cha 1999, dziko la Malawi lidalibe nyumba yakeyake youlutsira zithunzi pa wailesi ya kanema. Komabe sikuti mawailesi a kanemawo adali osadziwika m'malokeshoni a mzinda wa Blantyre. M'nyumba zina za ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri zimene zidali ndi magetsi, bokosi lagalasilo lidalipo ndithu, lofunditsidwa kansalu koluka, ndipo ntchito yake idali kuonetsa mafilimu a pa kaseti. Kenaka pambali pake padayamba kuoneka kamakina kena kapulasitiki, kokhala ndi zogwirira ziwiri za mabatani, kamene ana ankakatcha TV gemu. Ena mwa makinawa ankabwera m'zikwama za anthu ochokera ku Johannesburg, ena ankagulidwa m'masitolo a ku Limbe. Ambiri sadali enieni a kampani ya Nintendo ya ku Japan, koma ongotengera, opangidwa ku Taiwan ndi ku China.

Pakhomo pamene pali TV gemu padali posasowa ana. Ankakhala pansi mothithikana, nsapato atazisiya pakhomo, ndipo lamulo lidali limodzi: ukafa, pereka chogwirira kwa mnzako. Mwa magemu onse, wolamulira adali Mario, kamunthu kandevu za pamlomo kovala chipewa chofiira, kamene kankathamanga kuchokera kumanzere kunka kumanja, kudumpha maenje, kuponda akamba pamsana ndi kulowa m'mipope yobiriwira. Tsono omvera ambiri amene lero ndi abambo ndi amayi a pamakomo awo akukumbukira tsiku limene kaseti yolembedwa kuti Mario 2 idafika m'dera mwawo. Adaidikira ndi mtima wonse, koma itangoyatsidwa, nkhope zidagwa. Ena adati ndi yovuta mopanda chisoni. Ena adati uyu si Mario konse. Chodabwitsa nchakuti magulu awiri onsewa ankanena zoona, pakuti magemu otchedwa Super Mario Bros. 2 ndi awiri osiyana, ndipo ogulitsa makaseti otengera sankavutika kufotokoza kuti m'katimo muli iti.

Kuti nkhaniyi imveke bwino nkoyenera kuyambira ku Kyoto, kumene kampani ya Nintendo idakhazikitsidwa m'chaka cha 1889 ngati yopanga makhadi osewerera. Patapita zaka zoposa 90, m'chaka cha 1981, mnyamata wojambula zithunzi pa kampaniyo, Shigeru Miyamoto, adakonza gemu ya Donkey Kong, m'mene kamunthu kandevu kankadumpha migolo yoponyedwa ndi chinyani chachikulu. Kamunthu kameneka ndiko kadadzakhala Mario. M'chaka cha 1983 Nintendo idatulutsa makina osewerera m'nyumba otchedwa Famicom, amene ndiwo kholo la ma TV gemu onse aja a m'malokeshoni, ndipo mu September 1985 padatuluka Super Mario Bros., ya maiko 8, dziko lililonse la zigawo 4. Gemu imeneyi idagulidwa makope oposa 40 miliyoni, osawerengera otengera amene palibe adawawerenga.

Ubwino wake udagona pa kaphunzitsidwe. Simudali mawu olangiza wosewera, komabe mwana wa ku Bangwe wosadziwa Chingerezi kapena Chijapani ankaphunzira malamulo onse m'mphindi zochepa za chigawo choyamba. Chinthu choyenda chikamukhudza cham'mbali, wafa. Akachiponda pamutu, chafa ndi icho. Akagunda bokosi ndi mutu pamatuluka bowa, ndipo akadya bowayo amakula. Mpope wobisika umam'dumphitsa maiko nkum'fikitsa patsogolo. Gemu ikaphunzitsa lamulo inkalisunga mpaka kumapeto, kotero kuti pakati pa wopanga ndi wosewera padali ngati pangano.

Pangano limeneli ndilo lidathyoledwa ndi Mario wachiwiri wa ku Japan, amene adatuluka mu June 1986 motsogozedwa ndi Takashi Tezuka. Maonekedwe ake adali pafupifupi amodzimodzi ndi a woyamba uja, nyimbo za Koji Kondo zomwe zija, adani omwe aja. Koma m'chigawo choyambirira chenichenicho mudaikidwa bowa wakupha. Aliyense amene adazulapo utale m'nyengo ya dzinja akudziwa kuti bowa wodyedwa ndi wakupha amasiyanitsidwa ndi maso a munthu amene adalangizidwa ndi akulu. Koma apa wosewera adali ataphunzitsidwa kwa miyezi yambiri kuti bowa aliyense ngwabwino, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye adam'tchera msampha. Padabweranso mphepo yokankha Mario ali m'malere, ndi mabokosi osaoneka oikidwa pamene munthu afuna kudumpha dzenje. Choipitsitsa chidali mipope ina yobisika imene, m'malo mopititsa munthu patsogolo, inkam'bwezera m'mbuyo: wina wafika dziko lachitatu ndi thukuta, wapeza njira yachinsinsi, akusangalala, nkungoona wabwerera ku dziko loyamba. Kusewera anthu awiri molandizana kudachotsedwa. M'malo mwake munthu ankasankha Mario kapena mbale wake Luigi, amene ankadumpha patali koma woterereka poima.

Opanga gemuyi sadabise cholinga chawo. Adaikonzera akatswiri amene adali atamaliza kale yoyamba ija, ndipo zigawo zina adazitenga ku mtundu wa Mario wa m'makina oponya ndalama, amene mwachibadwa amapindula wosewera akamafa msanga. Ku Japan idagulidwa kwambiri pa makina ake a madisiki. Koma itatumizidwa ku nthambi ya Nintendo ya ku America, kumene malonda a magemu adali atangoyamba kudzuka pambuyo pa kugwa kwa m'chaka cha 1983, mnyamata woyesa magemu dzina lake Howard Phillips adaisewera naona kuti ikulanga wosewera popanda chifukwa. Akuluakulu a kumeneko adakana kuigulitsa. Pamenepa Phillips adaona bwino. Kuvuta kwa gemu si mlandu, pakuti ana amakonda chovuta. Mlandu ndi kupha munthu ndi chinthu chimene sakadatha kuchidziwiratu.

Tsono America idafunabe Mario wachiwiri, ndipo Nintendo idachita chimene amisiri a mu msika wa Ndirande amachidziwa bwino: kutenga chinthu chimene chilipo kale, kuchikonza apa ndi apo, nkuchipaka utoto wina. M'chaka cha 1987 kampaniyi idali itapanga gemu yotchedwa Yume Kojo: Doki Doki Panic, mogwirizana ndi nyumba ya kanema ya Fuji Television imene inkachititsa chionetsero chachikulu chaka chimenecho. Woitsogolera adali Kensuke Tanabe, Miyamoto akuyang'anira, ndipo nyimbo zake adapeka ndi Kondo yemwe uja. Idali nkhani ya banja la anthu anayi ovala Chiluya, olowa m'buku la nthano kukapulumutsa ana awiri obedwa. Anthu anayiwa adachotsedwa. Mnyamata Imajin adasanduka Mario; mayi wake, wodumpha patali, adasanduka Luigi; mtsikana Lina, wotha kuyandama m'malere kwa kanthawi, adasanduka mwana wamkazi wa mfumu; ndipo bambo, wamphamvu pozula zinthu, adasanduka Toad. Adaonjezamo kuthamanga, nakonzanso zithunzi ndi nyimbo zina, ndipo chakumapeto kwa 1988 gemuyi idatuluka ku America ndi dzina lakuti Super Mario Bros. 2. Idagulidwa makope oposa 7 miliyoni.

Imeneyi ndiyo idachititsa ana ambiri kunena kuti uyu si Mario. Mwana wadikira ola lathunthu kuti chogwirira chim'fike. Waona mdani akubwera, wadumpha, wam'ponda pamutu monga mwa masiku onse, koma mdaniyo sakufa; akungoyendabe atam'senza Mario pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Mabokosi ogunda ndi mutu kulibe, mbendera ya kumapeto kwa chigawo kulibe, wotchi yowerenga nthawi kulibe, ngakhale Bowser, mdani wamkulu uja, kulibe. Kuti aphe mdani ayenera kuwerama, kuzula tanaposi m'nthaka ndi kum'genda naye, kapena kunyamula mdani mmodzi nkugendera mnzake. Kumapeto kwa zigawo zambiri kuli chilombo chotchedwa Birdo cholavula mazira, ndipo njira yochigonjetsera ndi kudumphira pa dzira likuuluka, kulinyamula, nkulibweza kwa mwini wake. Palibe amene akadalota zimenezi pa tsiku loyamba. Ndipo amene adapirira mpaka chigawo cha 20, nagonjetsa chule wamkulu Wart pom'ponyera ndiwo zamasamba m'kamwa, adalandira mphotho yodabwitsa: chithunzi cha Mario ali m'tulo pakama. Ulendo wonsewo adali maloto. Popeza magemu amenewa sankasunga pamene munthu wafika, ndipo magetsi akangophethira zonse zinkayambiranso pachiyambi, ana amene adaonadi chithunzi chimenechi ndi maso awo sadali ochuluka. Ambiri adangomva kwa anzawo.

Kukayika kwa ana a m'malokeshoni kudali ndi chifukwa chinanso chimene ana a ku America sadachidziwe. Iwo adali atanamizidwapo kale. Makaseti achikasu olembedwa kuti muli magemu mazanamazana, mwinanso zikwi, ankakhala ndi magemu owerengeka okha obwerezedwabwerezedwa ndi maina osiyana, kotero kuti Mario wa pa nambala 5 ndi wa pa nambala 50 adali yemweyo, kungoti wina akuyambira dziko lina. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo mwana aliyense wa TV gemu adautsimikiza mwambiwu asanafike Sitandade 8. Otengera ena ankachita zoposa pamenepa: ankatenga gemu ya kampani ina, nkudula mutu wa mwini gemuyo, nkuikapo mutu wa Mario. Motero padapezeka Mario 16, amene kwenikweni adali gemu ya Joe & Mac, ndi ina yolembedwa 7 Grand Dad, imene idali gemu ya The Flintstones, pamene Nintendo pa makina amenewa idalekezera pa nambala 3. Choncho mwana woona Mario akuzula tanaposi sakadalakwa kuganiza kuti akuba aja abweranso. Chimene sadadziwe nchakuti ulendo uno woika mutu wa Mario pa thupi la wina adali mwini Mario yemwe.

Komabe munthu akaibwerera gemu imeneyi lero, ataiwala dzina lolembedwa pa kaseti, amapeza kuti idaweruzidwa mopupuluma. Ndi gemu ya Mario m'mene wosewera amatha kubwerera m'mbuyo, kukwera m'mwamba potsata mitambo ndi zingwe, kapena kukumba mchenga kutsikira pansi. Muli zitseko zokhoma zimene kiyi wake ali kutali, ndipo munthu akangomunyamula kiyiyo, chigoba chouluka chimayamba kum'thamangitsa mpaka atamutaya pansi. Amene adachiona chigoba chimenechi ali mwana sachiiwala. Kusankha pakati pa anthu anayi kudali nzeru yeniyeni, pakuti chigawo chovuta kwa Mario chimapepuka kwa mwana wa mfumu woyandama uja, ndipo kwa atsikana amene ankaloledwa kugwira chogwirira mwa apo ndi apo, aka kadali koyamba kuona mkazi wa m'nkhani ya Super Mario akudzimenyera yekha nkhondo m'malo modikira kupulumutsidwa. Malamulo ake ndi achilendo, koma ikawaphunzitsa imawasunga. Apa ndi pamene isiyanira ndi inzake ya ku Japan ija, imene idasunga nkhope ya Mario nkutaya khalidwe lake.

Super Mario Bros. 3, imene idatuluka ku Japan mu October 1988 ndi ku America m'chaka cha 1990, idabwezeretsa kuponda adani, mabokosi ndi Bowser, ndipo idakondedwa kotero kuti wachiwiri uja adaoneka ngati mwana wopeza pakati pa ana awiri a m'nyumba. Koma zimene adabwera nazo sizidachoke. Luigi adakhala wamtali ndi woonda kuposa Mario kuyambira pamenepo. Tianthu tovala zigoba totchedwa Shy Guy, mabomba oyenda otchedwa Bob-omb, ndi Birdo yemwe, onse adalowa m'banja la Mario kudzera pa khomo limeneli, ndipo a Shy Guy adaonekanso mu filimu ya Mario ya m'chaka cha 2023. Pamene Nintendo idatulutsa makina a m'manja a Game Boy Advance m'chaka cha 2001, gemu ya Mario imene idasankha kuyambira nayo idali yomweyi, itakonzedwanso, ndipo mu Super Mario 3D World ya m'chaka cha 2013 anthu anayi aja adabweranso, aliyense ndi luso lake lakale.

Magemu awiriwa pambuyo pake adasinthana maiko. M'chaka cha 1992 ya tanaposi ija idagulitsidwa ku Japan ndi dzina lakuti Super Mario USA, ndipo anthu a kumeneko adagulanso gemu yawo yomwe itavala zovala zina. Chaka chotsatira, 1993, ya bowa wakupha idafika ku America ndi ku Europe m'kaseti ya Super Mario All-Stars, ikutchedwa The Lost Levels, ndiko kuti zigawo zotayika. Kusiyana ndi yoyamba ya m'chaka cha 1986, m'kaseti imeneyi Nintendo idalola wosewera kusunga chigawo chilichonse chimene wafika.