Roketi Yoti Izibwerera Kwawo

Zonse zinkatayika

Maroketi oyamba ankagwira ntchito ulendo umodzi wokha. Saturn V, imene inanyamula anthu opita kumwezi mu 1969, inkasiya zigawo zake m'njira. Zina zinkagwera m'nyanja. Chimene chinkabwerako ndi kachipinda kakang'ono ka anthu atatu basi. Injini zake zodula sizinkagwiritsidwanso ntchito.

Oyamba kuganiza za mapiko

M'zaka za m'ma 1930, katswiri wa ku Austria, Eugen Sänger, anajambula roketi yamapiko yoti izitera ngati ndege. Inali ya nkhondo, ndipo sinapangidwe. Asilikali a ku America nawo anayamba kupanga chombo chotchedwa X-20 Dyna-Soar, koma boma linaimitsa ntchitoyo mu 1963 chisanauluke.

Chachikulu chibereke chaching'ono

Mu 1970 bungwe la NASA linapempha makampani a North American Rockwell ndi McDonnell Douglas kuti akonze mapulani. Zimene anajambula n'zokongola mpaka lero. Panali zombo ziwiri, zonse zamapiko. Chachikulu, kukula kwake pafupifupi ndege ya Boeing 747, chinkayenera kunyamula chaching'ono ngati mayi wabereka mwana. Zonse ziwiri zikananyamuka chiimirire.

Mafuta akatha, chachikulucho chikanasiya chinzake kuti chipitirize ulendo. Chachikulucho chikanatembenuka. M'kati mwake mukanakhala anthu ochiyendetsa. Iwo akanayatsa injini za ndege wamba, n'kukatera pabwalo. Kenako amisiri akanachiyendera, kuthiramo mafuta, n'kuchitumizanso. Taonani, palibe chimene chikanatayidwa!

Ndalama zinakana

Mapulaniwa ankafuna madola oposa 10 biliyoni. Boma linalola pafupifupi theka lokha. Pa 5 January 1972, Pulezidenti Richard Nixon anavomereza chombo cha Space Shuttle, ndipo chonyamula chamapiko chija chinachotsedwa. N'zomvetsa chisoni, chifukwa ndicho chinali mtima wa ganizo lonse.

M'malo mwake anaikapo maroketi awiri aatali m'mbali, ndi thanki yaikulu ya mafuta pakati. Maroketiwo ankagwera m'nyanja ya Atlantic pa maparachuti, sitima n'kukawakoka. Kuwatsuka madzi amchere ndi kuwakonzanso kunali ntchito yaikulu. Thanki ija inkatayika ulendo uliwonse.

Chombo cha Space Shuttle chotchedwa Columbia chinauluka koyamba pa 12 April 1981.

Patapita zaka

Mu December 2015, gawo loyamba la roketi ya Falcon 9, ya kampani ya SpaceX, linabwerera ku Florida n'kutera chiimirire pamiyendo inayi. Linalibe mapiko akuluakulu. Munalibenso munthu, ankaliwongolera ndi makompyuta.