Nkhokwe Ndiyo Inali Sikelo ya Makolo Athu

Adzukulu anga, masiku ano akatswiri amayenda m'midzi ndi mapepala, kuyesa ngati mlimi angathe kupirira kusintha kwa nyengo. Dziwani kuti makolo athu kuno ku Bowe, m'boma la Dowa, anali nawo muyeso wawo kalekale.

Funso loyamba linali la nkhokwe: kodi chimanga chifika mwezi uti? Chikafika Febuluwale, dowe ali pafupi kucha, pakhomopo pankatchedwa pa mwanaalirenji. Kenaka ankayang'ana dimba kudambo, mbuzi m'khola, mapira ndi mbatata kumunda, ndiponso mfutso m'chikwatu. Pomaliza ankawerenga abale, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Njala ya 2002 inayesa zonsezi. Mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chimanga chinasowa m'misika ya ADMARC, anthu anagulitsa mbuzi motaya, nadya gaga ndi zitsa za nthochi. Wodalira chimanga chokha anagwa msanga.

Kuchokera pa njala imeneyo, komiti ya MVAC imawerengera chaka ndi chaka zokolola, ziweto, ganyu ndi miyezi imene banja lidzasowa chakudya. Mafunso ake ndi omwe aja a agogo.

Mu 2024 chilala chinakhudza maboma 23 mwa 28. Tsono inu amene mudzalandira mindayi, musadikire mlendo wa mapepala. Suzumirani m'nkhokwe mwanu, muwerenge miyezi, mukonze dimba mvula isanakate.