Mamojulo a Seva ya Apache: Kulandiridwa ndi Kuleredwa Kwake

Pamene mlendo wolakalaka kudzaona mathithi a Mosi-oa-Tunya asungitsa chipinda m'hotela ya ku Livingstone kudzera pa intaneti, pempho lake limalandiridwa ndi pulogalamu yotchedwa seva, ndipo pakati pa maseva omveka padziko lonse pali Apache, imene inabadwa m'chaka cha 1995 kuchokera m'zigamba zimene Brian Behlendorf ndi anzake anasokerera pa pulogalamu yakale ya bungwe la NCSA. Chaka chomwecho Robert Thau anaimanganso kuti thunthu likhale laling'ono, ntchito zambiri n'kumagwiridwa ndi nthambi zomezanitsidwa, zotchedwa mamojulo. Mwa izo muli mod_rewrite yolozera mapempho kumalo ena, ndi mod_ssl yobisa uthenga, zonse ziwiri ntchito za manja a Ralf Engelschall.

Popeza malemba a Apache ali poyera, aliyense angathe kulemba mojulo yake. Koma kuti ilowe m'nyumba yeniyeni ya Apache, mwiniwake ayenera kusaina pangano loipereka ku bungwe la Apache Software Foundation, lokhazikitsidwa mu 1999, ndipo akulu a ntchitoyo amaisanthula monga aphungu pabwalo, wovomera nalemba +1, wokana nalemba -1. Chosintha chisanalowe mu mtundu wokhazikika wa Apache pamafunika ovomera atatu popanda wokana, ndipo wokanayo akapanda kutchula chifukwa chaumisiri, kukana kwake kumayesedwa chabe. Lamulotu ndi lanzeru, pakuti limatseka pakamwa pa wanjiru.

Kusamala konseku sikuchokera m'kuuma mtima, pakuti walira mvula walira matope: kulandira mojulo ndiko kulonjeza kuti padzapezeka woikonza m'zaka zonse zimene akuba adzafunafuna ming'alu yake, ndi woilembanso thunthu likasintha, monga zinachitika mu 2012 pamene Apache 2.4 inatuluka, mamojulo ambiri akale nafunika kukonzedwa. N'chifukwa chake yatsopano imayamba yaikidwa pa mayeso. Mod_http2 ya Stefan Eissing inalowa mu 2015 ikutchedwa yongoyesera, ndipo dzinalo linachotsedwa mu 2017.

Mojulo yosowa woilera imapumitsidwa mwaulemu. Mod_python ya Gregory Trubetskoy, imene inatumikira anthu ambiri pa masiku ake, inasamutsidwa mu 2010 kunka ku Apache Attic, mosungira ntchito zimene zinasowa ozipitiriza.