Mkango Umodzi Kapena Mikango Yonse?

Tikati "mkango umadya nyama", sitikunena za mkango winawake umene tauona, tikunena za mtundu wonse. Komabe sitinanene kuti mkango uliwonse, pakuti kamwana koyamwa sikadya nyama. M'Chichewa timangomvana, koma opanga zilankhulo zatsopano akhala akulimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zoposa 100.

Mu 1887 L. L. Zamenhof, dokotala wa maso wa ku Warsaw, anatulutsa Esperanto. Anaikamo kamawu kakuti la, kofanana ndi the wa m'Chingerezi, koma kofanana ndi a sanakaikemo. Buku lake la Fundamento la 1905 limati la agwiritsidwe ntchito monga m'zilankhulo zina. Vuto n'lakuti zilankhulozo sizigwirizana: ponena za mikango mwachisawawa Mfalansa amati les lions, pamene Mngelezi amangoti lions. Zamenhof analolanso Arasha ndi Apolishi, omwe zilankhulo zawo zilibe kamawu kotere, kuti ayambe akusiya la. Mu 1903 katswiri wa masamu Giuseppe Peano, m'Chilatini chake chophweka cha Latino sine flexione, anachita kutayiratu timawuti.

Ena anatenga njira yosiyana. James Cooke Brown anayamba Loglan mu 1955, ndipo mu 1987 munatuluka Lojban, yomwe imafuna kuti wolankhula asankhe. Mawu akuti ro amatanthauza onse, su'o amatanthauza mmodzi kapena kuposerapo, lo'e amaloza mkango monga mikango imakhalira kawirikawiri, pamene le'e amaloza chithunzi chimene wolankhulayo ali nacho m'mutu, kaya n'choona kaya ayi.

Kusiyanitsa lo'e ndi le'e n'kumene kwandigwira mtima. Chiganizo chakuti "anthu a mtundu wakutiwakuti ndi aulesi" chimamangidwa ngati cha mkango chija, ndipo n'chifukwa chake chimamveka ngati choona. Ukamuonetsa wonenayo munthu wakhama, amathawira kwakuti "sindinati onse". Zamenhof anakulira ku Białystok, kumene Ayuda, Apolishi, Arasha ndi Ajeremani ankakayikirana, ndipo anafuna chilankhulo chowayanjanitsa, koma mpata uwu sanautseke.

Sindikuti tiphunzire Lojban. Koma mnzako m'kalasi akayamba kuti "atsikana amatero" kapena "a kumudzi amatero", mufunse: onse, ambiri, kapena awiri amene wakumana nawo?